A Zakeyu Atachoka pa Chimwala

Ana anga, za ubwana wanga ndi za ng'ombe zimene ndinkaweta sindilemba, poti mudazimva mpaka kutopa nazo. Pano ndikufuna ndikusiyireni za ntchito. Ndidagwira uphunzitsi zaka zambiri m'masukulu a m'midzi, ndipo popeza miyendo yakana kukwera mapiri, dzanja lokha ndilo latsala londimvera. Mwa zonse zimene ndidaona pa ntchitoyo, za pa Chimwala ndizo ndimati ndikazikumbukira ndimayamba ndaika cholembera pansi.

1908

Nditamaliza maphunziro ku mishoni adandituma ku kamudzi kena kuseri kwa Kasina. Sukulu yake idali chisakasa cha udzu chokhala ndi mipando youmba ndi dothi, ndipo nyumba yomweyo tinkapemphereramo pa Sabata. Masileti adalipo owerengeka, kotero ana ambiri ankalemba pansi ndi chala, mphepo ikawomba n'kufafaniza ntchito yonse ya m'mawa. Choko chikatha tinkapita kumtsinje kukakumba dothi loyera, kuliumba timizere n'kuyanika padzuwa. Miyezi yachisanu ana ankabwera atavala nyanda yokha, mano akugwedera, ndipo ndinkayamba ndasonkha moto pakati pa nyumba tisadayambe kuwerenga. Ine ndidali mnyamata wa magazi otentha. Ndinkayesa kuti uphunzitsi ndi kukweza mawu, ndipo ndidakangana ndi makolo ambiri chifukwa cha ana opita kukaweta mbuzi.

Woyang'anira masukulu athu adali mzungu wokalamba amene tinkamutcha Bwana Chindevu. Ankayenda pa bulu, ndipo Chichewa ankachidziwa mpaka miyambi yomwe. Pa ulendo wake wachitatu adakhala kumbuyo kwa ana tsiku lonse akumvetsera, kenaka adandiitanira panja.

"Filimoni," adatero, "pakamwa pako mpabwino, koma makutu ako sadaboole. Ndikutumiza kwa munthu amene akakuboole makutuwo."

1911

Munthuyo adali a Zakeyu, mphunzitsi wamkulu wa pa Chimwala. Ndidafikako nthawi ya masika nditasenza mphasa ndi kabokosi ka mabuku, ndipo ndidawapeza ali m'munda wa mayi wina wamasiye akuthandiza kusanja mapesi. Adali munthu wamfupi, wolankhula motsitsa, woti ukafuna kumva uyenera kusendera pafupi.

Kuti mumvetse zimene zidachitika, muyambe mwadziwa malowo. Pa Chimwala padali midzi iwiri. Kumtunda kunkakhala Angoni, zidzukulu za anthu amene adachokera kumwera ndi zishango. Kudambo kunkakhala Achewa, amene makolo awo adathawira pamwamba pa mapiri poopa zishango zomwezo, ena n'kugwidwa ukapolo. Zimenezi sizidali nkhani zakale monga mmene mukuzimvera inu. Amene adagwira anzawo ndi amene adagwidwa adali akadali moyo, ndipo ankadziwana maina. A Zakeyu bambo awo adali Mngoni, mayi awo Mchewa wogwidwa pankhondo, kotero mudzi uliwonse unkati ndi mwana wathu. Sukulu adaimanga pakati pa midzi iwiriyo, pamalo a miyala amene palibe ankafuna kulimapo. M'mapemphero lamulo lawo lidali limodzi: wofika poyamba akhale kutsogolo. Ndidaona ndi maso anga nkhalamba yoboola makutu ya Kumtunda itakhala kumbuyo kwa munthu amene kale ankainyamulira katundu, onse akuimba nyimbo imodzi. Ndidayesa kuti zimenezi n'zosavuta, chifukwa a Zakeyu ankazichita ngati zosavuta.

Akulu a mpingo adalipo awiri. Wa Kumtunda adali a Petulo Nyoni, munthu wamtali, wosaseka kawirikawiri, amene adanyamulapo chishango ali mnyamata. Wa Kudambo adali a Lazaro Phiri, amene asadabatizidwe adali katswiri woimba ng'oma za gule wamkulu. Atachoka kudambwe abale awo adawasala zaka zingapo, koma luso la m'manja lidatsala, ndipo ndiwo ankaimba ng'oma yoitanira anthu ku mapemphero. Awiriwa ankapatsana moni mwaulemu, koma mawu ena onse ankadzera kwa a Zakeyu. Mkangano ukabuka, a Zakeyu sankaitanitsa bwalo. Ankatenga khasu n'kupita kukalima ndi munthu wokwiyayo mpaka dzuwa lifike pamutu, ndipo pobwerera nkhani imakhala yatha. Nditawafunsa kuti amanena chiyani kumundako adandiyankha kuti, "Ine ndimangolima. Wonena ndi iyeyo."

Akazi awo adamwalira ine ndisadafike, ndipo pakhomo adatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, Marita, amene inu mukuwadziwa kuti amayi anu. Nthawi imeneyo adali otomeredwa ndi mwana wa a Petulo, ndipo midzi yonse iwiri inkanyadira ukwati umenewo. Ndilembe poyera pano, popeza amayi anuwo ndidawauza kalekale: ndinkawafuna. Masiku amenewo sindidauze munthu aliyense. Ndinkangoti akamadutsa ndi mtsuko ine n'kupeza chochita pa bolodi.

1915

Chaka chimenechi nkhondo ya azungu idatifika m'midzi. Amuna ambiri adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, mchere udasowa, nsalu nazo zidasowa, ndipo ku mishoni adaleka kutitumizira mabuku. Tsiku lina masana, ana ataweruka, a Zakeyu ankakazinga chimanga paphale kuseri kwa sukulu, ine ndikuwawerengera kalata yochokera ku mishoni. Ndidamva fungo ngati la chikopa chopserera. Nditadzutsa maso ndidaona atagwira phale lija m'mphepete ndi dzanja lamanzere, moto ukunyambita zala, iwo akumvetsera kalata osadziwa kanthu.

"Bambo, dzanja!" ndidakuwa.

Adaliyang'ana dzanjalo nthawi yaitali, ngati la munthu wina. Kenaka adaona uku ndi uku, n'kuvula malaya, n'kundionetsa msana. Padali mawanga otuwa, ena aakulu ngati chikhatho.

"Waona, Filimoni?"

"Ndaona, bambo."

"Tchula."

Iwo adatchula okha. "Khate. Usaope kutchula, m'Buku lomwe lilimo. Bwana Chindevu adandipima mwezi wathawu ndipo wavomera kuti ndichoke mwakachetechete. Iyenso akupita kunkhondo kukapempherera osenza katundu. Ndiye otsala odziwa ndinu awiri, iwe ndi Marita. Anthu akadziwa, mwana wanga sakwatiwa, kuno kapena kwina kulikonse, poti adzati zili m'magazi. Undilonjeze kuti sunena mpaka ukwati utachitika."

Ndidalonjeza. Ndikadakana bwanji?

Pa Sabata lotsatira adalengeza kuti atopa, akupita kukapuma kwa abale a mayi awo cha ku Mphunzi, ndipo ine nditsala pa sukulu. Anthu adadzidzimuka. Atatuluka panja onse adathamangira kukawagwira chanza, koma iwo adapinda manja kumbuyo, n'kungoweramitsa mutu kwa aliyense. A Petulo adatambasula dzanja pamaso pa anthu onse, dzanjalo n'kutsala m'malere. A Lazaro chimodzimodzi. Mkazi wina adawabweretsera mwana wakhanda kuti amunyamule monga ankachitira, iwo n'kubwerera m'mbuyo. Adachoka Lolemba m'mamawa, phwando lotsazikana adalikana, ndipo Marita adatsala kwa azakhali ake Kumtunda.

1916

Munthu wokana kugwira chanza ndiye kuti wakwiya, ndipo wokwiya amakhala kuti wina wamulakwira. Anthu adaganiza motero, ndipo sindingawanene. Kumtunda kudayamba kumveka kuti a Kudambo adawalodza aphunzitsi chifukwa chochotsa anyamata kudambwe, ndi kuti a Lazaro Chikhristu chawo n'cha masana okha. Kudambo kudamveka kuti a Petulo adakawaneneza aphunzitsi kwa mzungu kuti mpingo ukhale m'manja mwa Angoni. Aliyense adali ndi umboni wake: uyu adaona wakuti akupita ku mishoni, uyo adapeza nthenga za nkhuku pakhomo pa sukulu.

Choyamba kusweka chidali lamulo la mipando. Sabata lina a Kudambo adafika msanga, koma adapeza kutsogolo kutayalidwa zikopa za mbuzi za akuluakulu a Kumtunda, eni ake asadabwere. Ndidazichotsa, ndipo a Petulo adandiuza pamaso pa anthu kuti ndine mwana, ndisamagwire zinthu za akulu. Kenaka adabwera ndi lipenga la nyanga, nati ng'oma ndi ya kudambwe, siyoyenera kuitanira anthu a Mulungu. A Lazaro adangoimirira. Adanyamula ng'oma yawo paphewa n'kutsika nayo, ndipo kuyambira pamenepo a Kudambo ankapemphera pansi pa mkuyu kumudzi kwawo. M'mawa wa Sabata ndinkaima pakhomo pa sukulu n'kumva lipenga kumtunda, ng'oma kumunsi, chilichonse chikuyesa kumiza chinzake. Ndidayesa nzeru ya khasu ija. Ndidalima ndi a Lazaro mpaka matuza, koma pomaliza adangondifunsa funso limodzi.

"Aphunzitsi, inu mumadya nawo mbale imodzi. Adachokeranji?"

"Adatopa, monga adanenera."

"Mwandilimira bwino," adatero a Lazaro, "koma mwandinamiza."

Ana a Kudambo adaleka kubwera ku sukulu. Anyamata atatu amene ndinkawakonzekeretsa ubatizo adabwerera kudambwe. Ena a Kumtunda adayamba kunena zotumiza ana awo ku sukulu ya mpingo wina ku Bembeke. Amayi awiri adamenyana pachitsime, wina n'kusweka mutu ndi mtsuko. Ntchito ya a Zakeyu ya zaka zonse zija inkagumuka ngati khoma la dothi pamvula, ine ndili ndi mawu amodzi okha m'kamwa oti akadaletsa zonsezo.

M'malo mwa Bwana Chindevu mudabwera mzungu wachinyamata woyenda pa njinga, amene tidamutcha Kamphepo poti sankakhazikika. Za khate sankadziwa. Adafika mwezi wa Meyi, napeza ana ochepa okha, namva nkhani za lipenga ndi ng'oma, nkhope yake n'kufiira.

"Undilembere maina a amene adayambitsa zimenezi," adatero, "ndiwachotse mu mpingo. Ukapanda kutero mwezi uno usadathe, ndikutseka sukulu ino. Aphunzitsi ndi osowa, sindingasiye mmodzi pamalo pamene anthu sakumufuna."

Loweruka lake ndidanyamuka tambala woyamba atalira, ndipo ndidafika ku Mphunzi dzuwa litapendeka. A Zakeyu sankakhala m'mudzi. Abale awo adawamangira kanyumba patsinde pa phiri, pafupi ndi thanthwe lina lalikulu lojambulidwa zithunzi zofiira ndi zoyera zimene palibe akudziwa adajambula ndani. Chakudya ankawasiyira pamwala. Ndidawapeza akuotha dzuwa, mapazi atakulungidwa nsanza, nkhope itatupa kotero ndikadakumana nawo panjira ndikadawapitirira. Denga la kanyumbako lidali litaphwasuka mbali imodzi. Adandiuza ndikhale patali, ndipo ndidawafotokozera zonse, osabisa kanthu.

"Ukwati ndi wa Ogasiti," adatero. "Dikira."

"Sukulu itsekedwa Ogasiti asadafike, bambo."

"Ndamva." Misozi inkatsika koma sankaipukuta, kapena sankaimva n'komwe. "Filimoni, ukadabwera zaka zapitazo ukadapeza mphunzitsi. Lero wapeza bambo wa mwana mmodzi. Sindikumasula. Koma ukanena, sindidzakutemberera."

Pobwerera m'mawa mwake ndidayenda ngati wosenza mwala. Ndikanena, mpingo upulumuka, ndipo anthu ambiri aposa mtsikana mmodzi. Nzeru imeneyo inkamveka yolungama. Koma nthawi iliyonse ndikaiganiza, pansi pake ndinkamva kamtima kena kakusekerera, chifukwa ndikanena ukwati uja utha, ndipo Marita akhala wopanda womutomera. Ndidakhala pamwala pamwamba pa chitunda china, mphepo ikundibaya, ndikuyesa kulekanitsa maganizo awiriwo, koma adali atalukana ngati luzi. Pomaliza ndidati m'mtima: chinthu chimene ndipindule nacho ine, sindingachichite m'dzina la Mulungu. Chinsinsicho si changa. Changa ndi ntchito yokha, ndipo imeneyo ndiyo ndingathe kupereka.

Mlungu umenewo ndidayenda khomo ndi khomo m'midzi yonse iwiri, kupempha kuti pa Sabata abwere kamodzi kokha adzamve mawu a mzungu. Adabwera, koma adakhala ngati anthu a pamlandu, awa mbali iyi, awo mbali iyo, pakati patatsala njira yoti ng'ombe ikadadutsa. Ndidawauza zimene Kamphepo adalamula. Kenaka ndidati, "Chifukwa chimene a Zakeyu adachokera ndikuchidziwa. Sadalodzedwe ndi a Kudambo, sadanenezedwe ndi a Kumtunda. Koma ndidalonjeza kuti sindinena, ndipo sindinena. Mzungu akufuna dzina. Ndalemba limodzi, langa, poti kukhala chete kwanga ndiko kwakufikitsani pamenepa. M'kalata iyi ndamupempha kuti andichotse ine, akutumizireni mphunzitsi wina, sukulu isatsekedwe."

Ndinkayesa kuti mawu amenewa awaziziritsa. Adakhala ngati mafuta pamoto. Wina adakuwa kuti ndikubisa mfiti, wina kuti a Petulo andidyetsa nyama. Amuna adaimirira, ndodo zili m'manja, ndipo ndidaona kuti lero magazi agwa m'nyumba ya mapemphero.

Pamenepo amayi anu adaimirira pakati pa akazi. Masiku amenewo mtsikana sankalankhula pamsonkhano wa akulu, ndipo azakhali awo adawakoka nsalu kuti akhale pansi. Iwo adayenda mpaka adaima panjira ija ya pakati, pamene palibe ankafuna kupondapo. Phokoso lidatsika lokha chifukwa cha kudabwa.

"Aphunzitsi adalonjeza," adatero, mawu akumveka mpaka kukhomo. "Ine sindidalonjeze. Bambo anga akudwala khate. Sadakugwireni chanza poopa kukupatsirani. Mwana wanu, mayi, adakana kumunyamula chifukwa amamukonda. Adabisa kuti ine ndikwatiwe. Mwezi ndi mwezi ndimapita kukawachapira zilonda ndi manja awa." Adawakweza m'mwamba kuti onse aone. Akazi amene adali pafupi adasendera kutali. Iwo adatembenukira kwa a Petulo n'kugwada. "Bambo, ndakubisirani chaka chathunthu. Ngati ukwati watha, wathera pano. Koma ndodozo ziikidwe pansi."

Ana anga, ndamva maulaliki ambiri pa moyo wanga, ena a anthu otchuka, koma sindidamvepo bata ngati limene lidagwa m'nyumba ija. Ndidamva ndodo imodzi ikugwa, kenaka ina. Mayi wa khanda uja adayamba kulira chapansipansi. A Lazaro adaphimba nkhope ndi manja awo aakulu. Ine ndidaima kutsogolo ndi kalata yanga m'manja, ndikuchita manyazi ndi kulimba mtima kwanga kumene ndinkakuyesa kwakukulu, ndipo ndidadziwa kuti ndaima pamalo pamene Mwini wake wadutsa. A Petulo adaimirira, nayang'ana mtsikana wogwadayo, natuluka. Tonse tidati basi, a Kumtunda apita ndipo sadzabweranso.

Lachitatu a Lazaro adabwera ku sukulu ndi amuna ena a Kudambo ndi ochepa a Kumtunda, atanyamula ufa, nyemba ndi kachewere. "Aphunzitsi, mutitsogolere," adatero. Amayi anu adapita nafe. Panjira anthu sankalankhulana kwenikweni, ndipo ena adanena poyera kuti akaima patali. Titayandikira thanthwe lija tidaona munthu ali padenga la kanyumba, akufolera. Adali a Petulo. Adanyamuka Sabata lomwelo osauza ngakhale akazi awo, ndipo adakhala masiku atatu akumweta udzu ndi kusenda luzi. Pansi padali a Zakeyu, akuwapatsira mitolo ya udzu ndi manja awo opunduka aja, a Petulo akulandira dzanja ndi dzanja.

A Petulo adatiyang'ana ali pamwamba pomwepo, nalankhula kwa a Lazaro mwachindunji, chinthu chimene ndidali ndisadachionepo.

"A Phiri, munthu uyu adandikaniza dzanja pamaso pa anthu. Chaka chonse ndakhala ndikuyesa kuti amandida chifukwa cha mayi ake, poti tsiku limene adagwidwa ine ndidalipo. Ukali wonsewo ndidakuthirani inu. Ndidakunamizirani."

"Nanenso ndidakunenani zambiri, a Nyoni," adayankha a Lazaro. Adayang'ana dengalo kanthawi. "Koma mukufolera molakwika. Mvula ya kuno imachokera uku."

Adakwera, ndipo nkhalamba ziwirizo zidakangana za kamangidwe ka luzi mpaka denga lidatha, a Zakeyu ali pansi akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Musaganize kuti zonse zidakonzeka tsiku limenelo. Ukwati udathadi. A Petulo adaumenyera nkhondo, koma akazi awo ndi abale a kuchikazi adakanitsitsa, ndipo mnyamatayo adapita ku Halale osatsazika. Mabanja ena a Kudambo sadabwererenso mu mpingo, ndipo mwa anyamata atatu aja adabwerera mmodzi yekha. Panali akazi amene kwa zaka sankalandira madzi m'manja mwa amayi anu. Ng'oma idabwerera pa Sabata, lipenga tidalipatsa ntchito yoitana ana masiku a sukulu. Kamphepo atawerenga kalata yanga ndi kumva nkhani yonse adaing'amba kalatayo nati ndibwerere ku ntchito. Chaka chotsatira ndidatuma ankhoswe kukafunsira amayi anu, ndipo amene adandiyendera nkhaniyo adali a Lazaro. Chaka chomwecho amuna a midzi iwiri adakawatenga a Zakeyu pa machila n'kuwamangira nyumba kuseri kwa sukulu, pamene ankamva ana akuwerenga.

1918

A Zakeyu adamwalira mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anthu atamaliza kusosa akudikira mvula. Apa padabuka nkhani ina. Mwambo wa makolo unkati wakhate saikidwa m'nthaka, chifukwa nthaka ikamulandira mvula imakana. Ankamukulunga mumphasa n'kukamusiya m'phanga kapena pamtengo kuthengo. Si a kudambwe okha amene ankakhulupirira zimenezi. Akhristu obatizidwa adabwera kwa ine mmodzimmodzi, maso ali pansi, kunena kuti aphunzitsi tidawakonda, koma tili ndi ana, ndipo chaka chino amuna ambiri kulibe, njala ikabwera tithera pomwepo. Sindidathe kuwadzudzula. Inenso mwana wanga woyamba adali kumsana kwa amayi ake.

Tidasonkhana pabwalo la sukulu, maliro ali m'nyumba, anthu akuyankhula mozungulira. A Petulo adali atadwala, sankatha kuimirira. Tsono a Lazaro adadzuka, natenga khasu limene lidali pakhonde.

"Mwambo umenewu ndikuudziwa kuposa nonsenu," adatero. "Ndidaperekezapo anthu awiri kuphanga, ndipo mmodzi adali mlongo wa mayi anga. Uyu sindimuperekezako. Mvula ikakana, musadzavutike kufuna wolakwa. Mudzabwere kwa ine."

Adayamba kukumba pansi pa mtengo wa msuku. Nthaka ya pa Chimwala ndi ya miyala, ndipo kwa nthawi ndithu kunkamveka khasu limodzi lokha. Kenaka ndidatenga langa. Adabwera mdzukulu wa a Petulo, adabwera ena, ndipo a Petulo adauza anthu awanyamule awakhazike pamphepete pa dzenje, n'kumachotsa timiyala ndi manja. Ambiri adaonerera ali patali. Tidawaika a Zakeyu m'nthaka monga munthu aliyense.

Ndipo mvula idakana. Novembala adatha kumwamba kuli mbee. Mitambo inkasonkhana pamwamba pa phiri la Dedza masana, n'kubalalika madzulo. Disembala adalowa, zitsime zidayamba kuphwa, mbuzi zinkadya makungwa. Anthu adaleka kupatsa moni a Lazaro. Ena adabwera kudzanena kuti tifukule, ndipo iwo adakakhala pamanda paja ndi khasu lawo pamiyendo, tsiku ndi tsiku, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Sankakangana ndi munthu. Ukawafunsa ankangoti, "Ibwera." Adaonda mpaka nthiti kuonekera, koma nkhope yawo idali ngati mwala, ndipo ine amene chikhulupiriro changa chinkagwedezeka ndinkapita kukawayang'ana kuti ndilimbe.

Idabwera patatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, masana, ana ali pakati pa kuwerenga. Kudayamba mphepo yonunkhira dothi, kenaka mdima, kenaka chimvula choti sitinkamvana m'nyumba. Ana adathamangira panja akukuwa, ndipo kumidzi yonse iwiri kunkamveka nthungululu. Sindikunena kuti ndikudziwa chifukwa chake idachedwa kapena chifukwa chake idabwera. Ndikulemba zimene ndidaona. Ndili chiimire pakhomo ndidaona a Lazaro akuchokera kumanda, akuyenda pang'onopang'ono m'mvula, khasu akulikoka pansi. Adalowa, madzi akuchucha m'thupi lonse, nakhala pa kampando ka dothi ka ana aang'ono. Khasu lidawapulumuka m'manja n'kugwa pansi.

"Mwapambana, bambo," ndidatero. "Inu nokha simudakayike."

Adandiyang'ana ngati ndalankhula zopusa.

"Aphunzitsi," adatero, "ndinkaopa. Kuyambira khasu loyamba lija, tsiku lililonse, ndinkaopa."